Amene Anadula Chidindo cha Mgodi

Pa maliro a Amayi Felisita Daka sabata yatha, munthu amene anawerenga mbiri yawo m'tchalitchi ananena kuti malemuwo anali taipisiti wa pa mgodi. Ndinali pa benchi lachitatu ndipo ndinamva bwinobwino. Sindinaimirire kuti nditsutse, chifukwa bokosi linali patsogolo pathu ndipo ana awo ankalira. Koma nditafika kunyumba ndinatsitsa katoni ya mapepala pamwamba pa wadiropu, n'kutulutsa kabuku ka manambala a telefoni a m'maofesi a mgodi. Dzina lawo lilimo, pansi pa chipinda cha kompyuta yaikulu, ndipo pambali pake palembedwa kuti mkulu wa shifiti. Utaipisiti si ntchito yochititsa manyazi. Koma si imene iwo ankagwira, ndipo munthu akagona m'bokosi sangadzikonzere yekha mbiri. N'chifukwa chake ndikulemba.

Ine ndine Lungu. Ndinali kalaliki wa ku sitolo ya mgodi ku Mindolo, ndipo Amayi Daka anali akulu kwa ine, pa zaka ndi pa giredi pomwe.

Amene anawadziwa m'zaka zawo zomaliza amakumbukira mayi wamfupi wotsika minibasi ya ku Garneton, komwe anali ndi kapuloti ka ndiwo zamasamba, atanyamula chikwama cha pulasitiki. M'chikwamamo munkakhala repu ya anthu amene anaitanitsa, buku lachikuto cholimba, bolopeni ziwiri ndi sikuludiraiva yokulungidwa m'kansalu. Akafika m'chipinda cha makompyuta kuseri kwa holo ya parishi, sankapereka moni kwa munthu asanavundukule makina. Kompyuta iliyonse inali ndi chitenje chake. Anakangana ndi bambo mfumu awiri motsatizana pa nkhani ya kusesa, chifukwa sankalola tsache m'chipindamo. Ankati fumbi la kuno ku Kopala, dera la migodi, likauluka silibwerera pansi, limakafuna pogona m'kati mwa makina. Pansi ankakolopa okha.

Bambo awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito pansi pa mgodi, ndipo iwo anabadwira m'komboni. Anayamba ndi ntchito yoboola makadi a kompyuta, ija ya atsikana ambiri m'chipinda chimodzi, kenaka anawasamutsira ku kompyuta yaikulu imene inkasunga mayina ndi mashifiti a mgodi wonse. Mu Okutobala, ife tikupsa ndi dzuwa ndi kutsokomola senta, utsi wowawa uja wa ku simelita yosungunulira kopa, iwo ankadutsa pa geti atakoleka juzi paphewa, chifukwa chipinda chawo chinkazizira ngati mochale. Kumeneko ndiko anatenga khalidwe la buku. Chilichonse ankalemba: nthawi, chimene achita, chimene makina ayankha. Ankanena kuti makina sanama, amangoima pamene pakuwapweteka, ndipo ntchito ya munthu ndi kuona pamene aimapo. Ankanenanso kuti usasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi, pakuti wodwala akamwa mankhwala awiri n'kuchira, mawa akadwalanso sudziwa woti um'patse. Mawu akuti "yafa" sankawalola pakamwa pa wophunzira.

Ine ndi iwo tinkakangana kawirikawiri, ngakhale tonse tinali anthu a mapepala. Ankanditchula kuti a Mapepala. Ankati ine ndimasunga pepala kuti ndidzapeze wolakwa, pamene iwo amasunga kuti adzapeze cholakwika. Sindinavomere nthawi imeneyo ndipo sindikuvomera lero, koma ndalemba monga ananenera.

Mgodi utagulitsidwa, maenvelopu athu otichotsa ntchito anabwera sabata imodzi. Eni atsopano anabwera ndi makompyuta awo. Kompyuta yaikulu ija anaiphwasula n'kuitulutsa zidutswazidutswa, ndipo timakompyuta ta m'maofesi anatiunjika pabwalo kuseri kwa sitolo, poyembekezera ogula zitsulo. Amayi Daka anaona timakompyutato kudzera pa waya wa mpanda. Tsiku lomwelo anafika kwathu, sanakhale n'komwe pampando, n'kundiuza kuti ndilembe kalata m'dzina la parishi yopempha makinawo. Anati zotsatsa ntchito zonse za makontirakitala tsopano zikufuna munthu wodziwa kompyuta, ngakhale wolemba magalimoto pa geti, ndipo anthu athu amene anathera moyo akuboola mwala sanaigwirepo. Ndinalemba. Anatipatsa zisanu ndi zitatu. Chiphaso chotulutsira katundu pa geti ndinasaina ndine, ndipo ndikali nacho.

Bungwe la parishi linatibwereka chipinda chija, chimene kale chinkasunga mabenchi othyoka. Anthu analembetsa mayina papepala lomata pachitseko. Woyamba anali Mayi Mwanza, amene amuna awo anamwalira chaka chomwe anachotsedwa ntchito, n'kuwasiyira ana anayi ndi nyumba ya mgodi yodontha.

Makinawo anabwera opanda kanthu m'kati. Eni atsopano anafafaniza zonse za pa disiki ya m'kati, choncho panafunika kuikamo sisitemu, ndiye kuti pulogalamu yaikulu imene imadzutsa kompyuta ndi kuiyendetsa. Amayi Daka anapeza mulu wa madisiki a fulope. Ukalowetsa yoyamba, kompyuta inkadzuka bwinobwino. Inkapempha yachiwiri, yachitatu, mpaka yomaliza, n'kunena kuti zonse zalowa, chotsani disiki muyatsenso. Ukayatsanso, inkawerenga memole yake, kulira kamodzi, kenaka n'kuima. Pa sikirini pankangotsala mzere umodzi wa zilembo ndi nambala imene inkakwera pang'onopang'ono. Ukaisiya ola lathunthu, nambala inkangokwerabe. Zonse zisanu ndi zitatu zinkaima pamalo omwewo.

Munthu wina aliyense akanatsegula bokosi la kompyuta tsiku loyamba lomwelo n'kuyang'ana m'kati. Ife sitinatsegule, ndipo ndiyenera kufotokoza chifukwa chake, poti ana a lero sangamvetse.

Katundu aliyense wa mgodi wokhala ndi chivundikiro ankamangidwa chidindo. Kanali kawaya kopyola pa sikuluwu ya kumbuyo, kotsekedwa ndi kamtovu kophwatalala kokhala ndi nambala. Womanga zidindo za m'maofesi ndinali ine. Wololedwa kudula anali amisiri a dipatimenti imodzi yokha, atanyamula pepala losainidwa. Wina aliyense akadula, inali ntchito yatha, ndi nyumba yomwe. Tonse tinkakumbukira kalaliki wina wa ku malipiro amene anatsegula makina ake kuti achotse kapini kamene kanagweramo. Pofika Lachisanu katundu wake anali pa lole, ana atakhala pamwamba pa matiresi. Amayi Daka anali mboni pa mlandu wake, ndipo ankati sanaiwale mmene anawayang'anira.

Choncho pamene iwo ananena kuti afuna kutsegula imodzi kuti azichotsa makadi a m'kati limodzilimodzi, ndinakana. Ndinati chiphaso changa chikunena za kutulutsa katundu, sichikunena za kudula zidindo, ndipo dzina limene lili pamenepo ndi langa. Ndinati ndilembera eni atsopano kupempha chilolezo. Iwo, amene sankagonjera bambo mfumu pa nkhani ya tsache, pa ichi anagonja msanga. Anayang'ana kamtovu kaja, n'kubweza sikuludiraiva m'kansalu. Ndinalemba kalata yoyamba. Patapita milungu iwiri ndinalemba yachiwiri, kenaka yachitatu. Makope ake ndili nawo onse. Dipatimenti imene ndinkailembera inali itathetsedwa kale, ndipo ndinkadziwa.

M'milungu imeneyo anayesa zonse zimene munthu angayese ali kunja kwa bokosi. Buku lawo la nthawi imeneyo ndaliwerenga. Anapukuta mutu wa chowerengera fulope ndi sipiriti. Anapeza kuti disiki imodzi pa mulu uja inali yowonongeka, n'kukabwereka ina ku Ndola. Anazindikira kuti batire laling'ono la m'kati linatha, kotero kuti magetsi akazima kompyuta inkaiwala tsiku ndi kukula kwa disiki yake. Analemba manambalawo papepala, kulimata pambali pa bokosi lililonse, ndipo m'mawa uliwonse ankawalowetsanso ndi manja. Anauza kompyuta, mu sikirini ya zosankha imene imabwera poyatsa, kuti iziyambira pa disiki ya m'kati. Anafafaniza zonse n'kuikanso sisitemu, kanayi pa makina amodzi. Pansi pa tsamba lililonse pali mawu omwewo m'zilembo zawo zowongoka: yaimanso pomwe paja. Ophunzira ankabwerabe. Ankawaphunzitsa pa kiyibodi yosalumikiza, zala zokha, ndipo madala a pansi pa mgodi ankaseka kuti akuboola mwala wopanda kopa.

Wapampando wa bungwe la parishi anali a Chanda, wamalonda wobadwira m'tauni momwemo. Sindiwanenera zoipa. Anthu anali ndi njala, ndipo iwo anali ndi ganizo loweta nkhuku m'dzina la parishi. Chimene chinkasowa ndi chipinda chouma chosungiramo matumba a chakudya cha nkhukuzo. Anaitanitsa katswiri wa makompyuta wokhala cha ku Bwana Mkubwa, bambo wa tayi ndi kachikwama. Katswiriyo anayatsa imodzi, anayang'ana nambala ikukwera, n'kufunsa kuti makinawa ali ndi zaka zingati. Atamva, anazimitsa. Anauza a Chanda m'Chibemba, ngati ife kulibe, kuti izi ndi zitsulo, sisitemu yatsopano singayende pa nkhalamba zotere, ndipo eni mgodi sanali opusa pozitaya.

Amayi Daka anamufunsa kuti yaima pati. Iye anati yangoima. Anamufunsanso kuti mzere uli pa sikiriniwo ukutanthauza chiyani. Iye anati zilibe ntchito. Pamenepo anatsegula buku lawo, n'kulemba nthawi ndi mawu ake onse iye akuona.

Bungwe linagamula kuti ngati pofika Lamulungu lotsatira palibe kompyuta yoyenda, chipinda chipita ku nkhuku ndipo makina apita kwa ogula zitsulo.

Loweruka m'mawa, cha m'ma naini koloko, tinali m'chipindamo anthu anayi. A Chanda anabwera ndi tepi kudzayeza khoma la mashelefu. Mayi Mwanza anali pa kiyibodi yawo yosalumikiza. Amayi Daka anali atagwada kumbuyo kwa kompyuta imodzi, chifukwa anali ataona kuti ikaima, kanyali kobiriwira pafupi ndi pobayira waya wa m'maofesi kamaphethira mofanana ndi kukwera kwa nambala. Ine ndinaima kutsogolo, ndikuyang'ana sikirini, ndipo ndinangolankhula mosaganiza. Ndinati zikundikumbutsa m'mawa uja a ku chipinda chozizira akachedwa kudzutsa kompyuta yaikulu, ife ku sitolo tinkakhala manja lende tikuonerera nambala yomweyi, mpaka iwo atayatsa kwawoko.

Amayi Daka anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo. Anandifunsa kuti ndabwereza chiyani. Ndinabwereza. Iwo zaka zonsezo anali mbali ina ya waya. Ankangolandira matelefoni a anthu odandaula, sikirini ya kalaliki sanaionepo ikudikira. Ine ndinaiona kambirimbiri, koma sindinkadziwa kuti n'chinthu choti ndinene.

Anandifunsa ngati makina a m'maofesi anaikidwapo kanthu kena atagulidwa kale. Ndinapita kunyumba wapansi, n'kubwera ndi fayilo. Munali kope ya pepala lotulutsira katundu m'sitolo, losainidwa ndi ine: tizipangizo tating'ono toika pa khadi lolumikizira waya wa m'maofesi m'kompyuta iliyonse. Mabwana sankakhulupirira makalaliki. Anafuna kuti kompyuta ya pa desiki isamadzuke yokha, izipempha kaye kwa yaikulu. Ikapeza fulope m'kamwa mwake inkayambira pamenepo, poti amisiri ankafuna njira yolowera. Ikapanda kuipeza, inkaitana ku chipinda chozizira n'kudikira yankho. Sisitemu imene Amayi Daka anaika inali m'katimo nthawi yonseyi, yathunthu. Makina sankaifikira n'komwe.

Anawerenga pepalalo kawiri. Kenaka anatulutsa pulayala m'chikwama.

Ndinawakumbutsa kuti kalata yachitatu sinayankhidwe. Ndinanena motsitsa mawu, koma ndinanena.

"A Lungu," anatero, "inu ndi makinawa ndinu amodzi. Nonse mukudikira mgodi kuti ukuyankheni. Mgodi unapita. Atichotsanso ntchito iti?"

A Chanda anasiya tepi. "Ba mayo, mukaphwanya lamulo musatchule parishi."

"Lembani dzina langa, mukwai," anayankha Amayi Daka mwaulemu wa Chibemba. "A Mapepala ali ndi bolopeni."

Ndiyenera kulemba zoona: sanadule nthawi yomweyo. Anayika pulayala pa kawaya, anachotsa, anapukuta chikhatho pa chitenje, n'kuyikanso. Kamtovu kanagwa pa simenti ndi kaphokoso kochepa kwambiri. Tonse anayi tinakayang'ana pamene kanagwera. Palibe amene anabwera.

M'kati munali fumbi lofiira la zaka zambiri. Anapeza khadi la waya, ndipo pa khadilo panali kachipangizo kakuda ka miyendo yambiri ngati bongololo, kokhala m'kabowo kake. Sanachotse khadi lonse. Anati chinthu chimodzi kaye. Analowetsa nsonga ya sikuludiraiva pansi pa kachipangizoko, mbali iyi pang'ono, mbali iyo pang'ono, mpaka kanatuluka. Anakapatsa Mayi Mwanza kuti akagwire, analemba nthawi m'buku, n'kuyatsa.

Kompyuta inawerenga memole. Inalira kamodzi. Pamalo paja pamene inkaima sinaimepo. Disiki ya m'kati inayamba kukhetekheta, sikirini inasintha, ndipo kamzere kophethira kanaoneka, kakudikira munthu. Amayi Daka sanaseke. Anakoka mpando wa Mayi Mwanza, kulumikiza kiyibodi ija, n'kuwauza kuti alembe dzina lawo. Mayiwo analemba ndi chala chimodzi, dzanja linalo litafumbata kachipangizo kaja.

A Chanda anakulunga tepi. Anati imodzi si zisanu ndi zitatu. Amayi Daka anawayankha kuti bungwe linati imodzi, ndipo ngati aiwala, a Lungu ali ndi maminitsi. Ndinali nawo.

Anadula zidindo zina zisanu ndi chimodzi tsiku lomwelo. Pa kompyuta yomaliza anatembenuka n'kundipatsa pulayala. Nambala ya pa kamtovuko ndinkaidziwa, ndinakamanga ndine. Ndinadula.

Si zonse zinadzuka. Zisanu ndi imodzi zinayenda Loweruka lomwelo. Ina inkangolira katatu osaonetsa kanthu, mpaka anazula memole, kupukuta mano ake ndi labala ya pensulo, n'kuibwezera. Yomaliza sinayendepo, ndipo ngakhale imeneyo anakana kuitchula yakufa. Ankati ndi nkhokwe ya zinzake, ndipo kwa zaka inapereka fani, mawaya ndi chowerengera fulope. M'malo mwa mabatire aang'ono aja analumikiza mabatire a tochi omangidwa ndi mphira, mapepala a manambala aja n'kuchotsedwa. Nkhuku za a Chanda zinapeza malo kwina, ndipo zinayenda bwino ndithu. Mayi Mwanza anagwira ntchito ku sitolo ya kontirakitala wina ku Ndola, ndipo atapuma anabwerera kudzathandiza kuphunzitsa. Enanso anapeza ntchito, ena sanapeze. Sindiika chiwerengero chimene ndilibe pepala lake.

Chimene sindingalole ndi chakuti mayi ameneyu alowe m'manda ndi dzina la ntchito ya munthu wina. Eni atsopano anamuyesa wosafunika. Katswiri wa tayi anamuyankha monyoza. Tsopano parishi yake yomwe, imene anaikolopera chipinda zaka zonsezi, yalephera kufunsa funso limodzi isanawerenge mbiri. Ndalembera bungwe kuti likonze mawuwo pa zolengeza za Lamulungu, ndipo ndamatirapo fotokope ya tsamba la kabuku ka telefoni. Kalata iyi sindidikira milungu. Akapanda kuwerenga, ndidzaimirira ndekha misa ikatha.

Dzulo ndinapita kuchipindako masana, Mayi Mwanza atandibwereka kiyi. Makompyuta a pa matebulo ndi ena tsopano, opyapyala, koma zitenje zake ndi zomwe zija. Pakona pali imodzi ya za mgodi, ija Amayi Daka anayamba kuidula chidindo. Mpando wawo wopanda chotsamira uli pomwe unkakhala, pafupi ndi zenera, mwendo umodzi womangidwa ndi waya. Ophunzira amauzungulira, sakhalapo. Pawindo pali kachitini ka mafuta odzola, m'kati muli tizipangizo tisanu ndi titatu takuda. Pa msomali pamwamba pa chitseko palendewera timitovu tisanu ndi tiwiri totungidwa pa ulusi. Kachisanu ndi chitatu kali kwathu, mu fayilo imodzi ndi makalata atatu aja.

Buku lawo lomaliza lili patebulo, bolopeni ili pakati. Pa tsamba lotsegula analemba tsiku ndi nthawi, koma mzere wa chimene makina anayankha ndi wopanda kanthu. Ndinavundukula ya pakona ija n'kuiyatsa. Inawerenga memole, inalira kamodzi, n'kudutsa osadikira munthu. Ndinayang'ana wotchi, koma m'buku lawo sindinalembemo. Ndinazimitsa, kuifunditsa chitenje chake, n'kukhoma chitseko.